Malaŵi akasanduka MalaÅµi mu shell ya Emacs

Ena mwa ife amene timasanthula malemba a Chichewa pa kompyuta timagwira ntchito mu Emacs, n'kutsegula shell momwemo ndi M-x shell kuti tizifufuza mawu ndi grep. Nthawi zina pamatuluka zilembo zosadziwika bwino, ndipo anthu amangoti fayilo yawonongeka. Kawirikawiri fayilo imakhala ili bwinobwino. Matenda ake ndi awiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Oyamba ndi osavuta. Mukalemba ls n'kuona zinthu ngati ^[[0m kapena ^[[01;34m, amenewo ndi malamulo a ANSI ouza terminal kuti isinthe mtundu wa zilembo. Shell ya mu Emacs si terminal yeniyeni, ndiye ikapanda kuwamasulira imangowasonyeza osaphika. Lembani M-x ansi-color-for-comint-mode-on, kapena ls --color=never, basi zatha.

Achiwiriwa ndi amene amatikhudza ife a zinenero. Chilembo ŵ, cha mu Malaŵi ndi kuŵerenga, nambala yake mu Unicode ndi U+0175. UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, imachisunga ndi ma byte awiri, C5 ndi B5. Koma Emacs ikaganiza kuti shell ikulankhula Latin-1, imawerenga byte iliyonse ngati chilembo pachokha: C5 ndi Å, B5 ndi µ. Mpamene Malaŵi amasanduka MalaÅµi. Latin-1 ilibe ŵ n'komwe, ngakhale anthu a ku Wales nawonso amachilemba m'chinenero chawo.

Chofunika n'chakuti mbali zonse ziwiri zimvane. Mu shell lembani locale muone ngati LANG ikuthera ndi UTF-8; ngati ayi, export LANG=en_US.UTF-8 imakonza, bola locale imeneyo ikhalepo pa makina anu. Ku mbali ya Emacs, dinani C-x RET p n'kuyankha utf-8 kawiri, poti imafunsa za zochokera ku shell ndi zopita ku shell. Kuti musamabwereze tsiku lililonse, ikani (prefer-coding-system 'utf-8) mu fayilo yanu ya init.el.

Chimene sindigwirizana nacho ndi njira yachidule ija yongosintha ŵ aliyense kukhala w kuti maso apume. Zoona, masiku ano ambiri salembanso ŵ. Koma ngati buku lakale linalemba ŵ, umenewo ndi umboni wa kalembedwe ka nthawi yake, mwinanso katchulidwe ka mlembi. Mukaufufuta, mudzautenganso kuti?

Pali msampha wina umene maso sangauone. ŵ akhoza kulembedwanso ngati w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa kapadera, U+0302. Pa sikirini ziwirizi n'zofanana, koma grep imaziona ngati zosiyana, ndiye chiwerengero chanu cha mawu chimaperewera popanda chenjezo. Ikani cursor pa chilembocho n'kudina C-u C-x =, Emacs ikuuzani kuti ndi ŵ uti.