Nzeru za m'kalasi pazokha sizitsogolera anthu

Chaka chimene ndidakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu, ndidalalatira mphunzitsi wina wachitsikana pamaso pa ana onse chifukwa adafika mochedwa. Iye adangoti, "Pepani ahedi," n'kukalowa m'kalasi. Masana ndidamva kuti adachezera kuchipatala ndi mwana wake amene adadwala malungo. Teremu isanathe adapempha kuti amusamutse, ndipo sukulu yathu idataya mphunzitsi wa masamu amene ana ankamukonda kwambiri.

Mapepala a maphunziro ndidali nawo okwanira. Chimene chinkandisowa ndidachizindikira pambuyo pake, mnzanga atandibwereka buku la Daniel Goleman, katswiri wa ku America pa za kaganizidwe ndi khalidwe la munthu.

Goleman adabadwa m'chaka cha 1946 ku Stockton, m'chigawo cha California. Digiri yake ya PhD adatengera ku yunivesite ya Harvard, komwe ankaphunzitsidwa ndi David McClelland. Mkuluyu ndi amene mu 1973 adalemba kuti kukhoza bwino mayeso sikutsimikizira kuti munthu adzachita bwino pantchito. Kuyambira mu 1984, Goleman adakhala zaka 12 akulemba nkhani za ubongo ndi khalidwe m'nyuzipepala ya The New York Times.

Ali kumeneko adawerenga kafukufuku wa akatswiri awiri, Peter Salovey wa ku Yale ndi John Mayer wa ku New Hampshire. Mu 1990 awiriwa adafotokoza kuti pali luso lozindikira zimene mtima wako ndi wa mnzako ukumva, n'kumaziwongolera. Goleman adatenga mfundoyi n'kuifikitsa kwa anthu wamba m'buku lake la mu 1995 lotchedwa Emotional Intelligence.

Mutu umene udandikhudza ndi wonena za kachiwalo ka mu ubongo kotchedwa amygdala. Potsamira kafukufuku wa Joseph LeDoux, Goleman adafotokoza kuti kachiwaloka kamadzidzimutsa thupi msangamsanga, mbali ya ubongo yolingalira isanamalize ntchito yake. N'chifukwa chake munthu amalankhula mawu oluma, kenako n'kumadzifunsa kuti chidandigwira n'chiyani. Ndidadziona ndekha nditaima pabwalo la sukulu m'mawa uja.

Kuchoka apo Goleman adalunjika pa utsogoleri. Mu 1998 adalemba m'magazini ya Harvard Business Review atasanthula zimene makampani 188 ankaziona mwa antchito awo ochita bwino. Adatchula zinthu zisanu: kudzidziwa, kudziletsa, khama lochokera mumtima, kumva zimene mnzako akumva, ndi luso lokhala ndi anthu. Adapeza kuti munthu akamakwera udindo, zinthu zimenezi ndi zimene zimamusiyanitsa ndi anzake kuposa nzeru za m'mabuku.

Mu 2000 adafotokozanso njira zisanu ndi imodzi zotsogolera, potengera kafukufuku wa mabwana 3,871. Zinayi zimakometsa malo antchito: kuonetsa anthu kumene mukupita, kuwasula, kumanga ubale, ndi kumva maganizo awo. Ziwiri zimaononga mukazizolowera: kulamula mwaukali, ndi kuthamangitsa aliyense kuti ayende pa liwiro lanu. Ine ziwiri zomalizazi ndiye zidali chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Mu 2002, pamodzi ndi Richard Boyatzis ndi Annie McKee, adatulutsa buku la Primal Leadership lonena kuti bwana akalowa ndi nkhope yamakwinya, onse amatengera ngati chimfine.

Si onse adavomereza zonsezi. Akatswiri ena, kuphatikizapo Mayer ndi Salovey eni ake, adadandaula kuti mfundo yawo yatambasulidwa mopyola muyeso, ndipo kuti luso limeneli n'lovuta kuliyeza. Awiriwa, pamodzi ndi David Caruso, adakonza mayeso awoawo oyezera lusoli. Choncho tisapusitsike kuti mtima wabwino ungalowe m'malo mwa kudziwa ntchito. Zimafunika zonse.

Chimene ndidatolapo n'chakuti kudziletsa kumaphunzirika, ngakhale munthu atakula. Masiku ano wina akachedwa ndimamuitanira mu ofesi, ndipo funso langa loyamba limakhala lakuti, "Kunyumba kwacha bwanji?" Wolakwa ndimamudzudzulabe, koma patokha ndiponso nditamva mbali yake. Mtima ukatentha ndimayamba ndazungulira bwalo kamodzi ndisanatsegule pakamwa.

Mphunzitsi uja ndidakumana naye patapita zaka zitatu kumalo ochongera mayeso. Ndidamupepesa. Adandiyankha mwaulemu kuti zidatha kalekale, koma kusukulu kwathu sadabwererenso. Inu amene mwangopatsidwa udindo, kaya ndi kuofesi, kumpingo kapena m'komiti ya kumudzi, musadikire kuti wina achoke kaye kuti muphunzire zimenezi.