Giya ikayamba kukukuta mano, musakweze wailesi

M'mabanja ambiri muli galimoto imodzi yomwe imatchulidwa ngati wachibale: pikapu yakale ya 4x4, kawirikawiri Toyota Land Cruiser kapena Hilux, penti itasuluka kalekale. Ndiyo imatuta feteleza mvula ikayandikira, imanyamula chimanga nthawi yokolola, imathamangira kuchipatala ndi wodwala pakati pa usiku, ndipo pakagwa zovuta ndiyo imatenga anthu a kumaliro. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inayamba kupangidwa mu 1984, ndipo zambiri zomwe timakumana nazo m'misewu ya fumbi zili ndi injini ya dizilo ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yomwe inatuluka mu 1990. Injiniyi ndi yamakani, siifa wamba. Koma mbiri yabwinoyi ndi yomwenso imaiwalitsa eni galimoto chinthu chili kunsi kwa ndodo ija dalaivala amagwira tsiku lonse: giyabokosi.

Oilo wa injini aliyense amamukumbukira chifukwa pali kawaya koyezera, komanso getsi lofiira limayaka zinthu zikavuta. Giyabokosi ilibe zonsezi. Ndafunsapo eni mapikapu angapo kuti oilo wa m'giyabokosi anamusintha liti, ndipo ambiri amayamba aseka, kenaka n'kunena kuti galimoto anaigula ili choncho. Chonsecho pa galimoto yoyenda m'fumbi, m'matope ndi katundu wolemera, oiloyu sayenera kupitirira makilomita pafupifupi 40,000.

Ntchito yake si ya ufiti ayi. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, itangoyendako pang'ono kuti oilo akhale wofunda. Pali mapulagi awiri: lothirira lili m'mbali, lokhuthulira lili pansi. Yambani kumasula la m'mbalilo. Mukayamba ndi la pansi, oilo yense n'kutuluka, kenaka la m'mbali n'kukana kumasuka, galimoto yagona pompo. Oilo wokwanira amafika pamlomo penipeni pa bowo lothirira, moti mukapisa chala mumamukhudza. Pulagi la pansi nthawi zambiri limakhala ndi maginito. Mukapezapo phala lakuda losalala, musadandaule, ndi kutha kwa masiku onse. Mukapeza tizidutswa ta chitsulo tobaya chala, dziwani kuti mano a giya kapena bering'i yayamba kuphwanyika. Oilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, ndipo izi zimachitika kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene anthu akuwoloka mitsinje yodzadza. Giyabokosi yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umafinyika n'kukoka madzi kudzera pa kabowo kopumira ka pamwamba.

Pa 4x4 malo othira oilo wa magiya ndi anayi: giyabokosi, transfer case yomwe imagawira mphamvu kumatayala akutsogolo, ndi madifu awiri. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, poganiza kuti oilo wolimba aliyense ndi chimodzimodzi. Pachigubu pamalembedwa GL-4 kapena GL-5, pamodzi ndi manambala monga 75W-90. GL-5 anapangidwira madifu, ndipo ali ndi mankhwala ambiri a sulufule. M'giyabokosi muli timaringi ta mkuwa totchedwa synchro, tomwe ntchito yake ndi kufananitsa liwiro la magiya awiri asanalumane, ndipo m'magiyabokosi ena akale timaringiti sitigwirizana ndi GL-5. Onani zomwe buku la galimoto yanu likunena. Oilo wa m'mabotolo a zakumwa ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, wopanda dzina, ine sindingamuthire ngakhale mu wilibala.

Ma Land Cruiser akale ali ndi kachizolowezi kena kobisika. Silo ya pakati pa giyabokosi ndi transfer case ikatha, oilo amasamuka kuchoka mu transfer case n'kudzadza m'giyabokosi. Pansi sipadontha kanthu, inu mumvekere zonse zili bwino, pamene transfer case ikuuma. Mukamasula pulagi lothirira la giyabokosi oilo n'kukhuthuka ngati mpopi, thamangirani kukaona mnzakeyo.

Tsono za phokoso, chifukwa apa ndi pamene ndalama za banja zimapulumuka kapena kutayika. Giyabokosi siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula kwa miyezi. Ngati giya imodzi yokha, makamaka yachiwiri, ikukukuta poilowetsa, synchro yake yatha. Koma ngati magiya onse akuvuta kulowa, makamaka yoyamba ndi rivesi galimoto itaima, musavomere msanga kuti atsitse giyabokosi. Nthawi zambiri ameneyo ndi kilatchi amene sakulekanitsa bwino injini ndi magiya. Onani kaye mafuta a kilatchi m'kabotolo ka pafupi ndi ka mabuleki, muonenso ngati kasilinda ka pansi sikakudontha. Kukonza zimenezi ndi ntchito ya m'mawa umodzi, pamene kutsitsa giyabokosi ya Land Cruiser kumafuna jeke ndi amuna angapo amphamvu.

Mvetseraninso izi injini ikulira galimoto ili pa fili. Phokoso likamamveka koma n'kusiya mukaponda kilatchi, vuto lili pa bering'i ya shafuti yolowera m'giyabokosi. Likamayamba pamene mwaponda kilatchi, ndi release bearing, yomwe ili kunja kwa giyabokosi. Ndipo ngati galimoto ikulira m'magiya onse koma n'kukhala chete pa giya yachinayi, chifukwa chake n'chakuti pa yachinayi mphamvu imadutsa molunjika osadzera pa shafuti yam'munsi, choncho mabering'i otopawo amapumako. Makaniko wodziwa ntchito amafunsa mafunso amenewa asanagwire sipanala. Amene wangomva kuti "ikulira" n'kutchula mtengo, ine ndimamukayikira.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi giya yodumpha yokha. Madalaivala ena amangoigwirira ndodo ndi dzanja, ena mpaka kuimanga ndi linya. Pamsewu wa flati mutha kufika. Koma ganizirani mukutsika Chiweta, kapena zikhotakhota za ku Golomoti, kumbuyo kuli matumba 20 ndi anthu atakhala pamwamba. Potsetsereka ndi giya yomwe imagwira galimoto. Ikadumpha n'kupita pa fili, katundu yense amatsamira pa mabuleki okha, ndipo mabuleki akatentha amasiya kugwira. Imeneyi si galimoto yonyamula ana asukulu kufikira itakonzedwa.

Zambiri zomwe zimapha giyabokosi ndi zizolowezi chabe. Kukwera mtunda pa giya yachisanu galimoto itadzadza, ati kusunga dizilo, kumapanikiza giya yomwe sinapangidwire katundu. Tsikirani pa yachinayi. Kugoneka dzanja pa ndodo kumadya timafoloko tosuntha magiya, ndipo phazi losachoka pa kilatchi limamaliza release bearing. Pa mapikapu amenewa, 4x4 ndi ya m'matope, mumchenga ndi m'miyala. Mukafika pa tala ichotseni, chifukwa pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo pa tala palibe poterera, choncho mashafuti amapotokola mpaka china chithyoke. Komabe kamodzi pamwezi lokani mahabu akutsogolo muyende makilomita ochepa, kuti oilo ndi girizi zizungulire.

Zikafika potsegula, mupeza njira ziwiri: kukonza yanu yomweyo ndi mabering'i, ma synchro ndi masilo atsopano, kapena kugula giyabokosi ya kaunjika kwa ogulitsa masipeya ku Biwi kapena ku Ndirande. Ya kaunjika imafulumira, koma simudziwa kuti inayenda bwanji, choncho musanalipire masulani pulagi la pansi muone maginito, muzungulitse shafuti ndi dzanja m'giya iliyonse, ndipo mugwirizane masiku oibweza ikapezeka ndi vuto. Njira iliyonse mungasankhe, giyabokosi ikakhala pansi sinthiranitu kilatchi puleti, release bearing, kabering'i ka pakati pa flywheel ndi silo ya kumbuyo kwa injini, chifukwa zonsezi sizifikirika popanda kutsitsanso giyabokosi. Ndipo muuzeni makaniko, ntchito isanayambe, kuti zitsulo zonse zomwe wachotsa azisunge m'katoni, mudzazione ndi maso anu.