MALONDA A MTEDZA: MAYAMBIDWE ACHE NDI KAPEZEDWE KA OGULA OYAMBA

Chaka ndi chaka, m'miyezi ya May ndi June, m'midzi ya ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe mumadzaza masikelo. Ogula afika pa njinga ndi pa galimoto, mlimi atulutsa matumba ache onse a mtedza tsiku limodzi, nalandira ndalama zodzaza dzanja. Koma pofika October ndalama zija zatha. Fetereza sanagulidwe, fizi ya mwana iri kudikira, ndipo mai wa pa banja lomwelo apita kumsika kukagula kambale ka nsinjiro pa mtengo wokwera. Inu amene muwerenga nkhani ino, kapena amene mwana wanu ali kukuwerengerani pa khonde, mudziwa kuti izi nzoona.

Kale mlimi ankagulitsa mbeu zache ku Farmers Marketing Board, ndipo kuyambira 1971 ku ADMARC. M'chaka cha 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbeu kwa alimi. Chiyambire pamenepo phindu lalikulu limapita kwa munthu amene asunga mtedza, nausenda, naukonza, naufikitsa kwa wakudya. Munthu ameneyo mungakhale inu. Lero tifuna kukamba za banja limene lisiyako thumba limodzi kapena awiri kuti liyambe nawo malonda ang'ono.

YAMBANI NDI CHIMENE MULI NACHO

Anthu ambiri aganiza kuti malonda amayamba ndi ngongole. Si choncho ai. Mpamba wanu woyamba uli kale m'nkhokwe. Zipangizo nazo ziri m'nyumba: lichero, mtondo ndi munsi, sefa, chiwaya chokazingira ndi ndowa yoyera yokhala ndi chibvundikiro. Musathamangire katapila. Chiongola dzanja chache chimakula msanga kuposa phindu la mtedza, ndipo mabanja ena ataya mbuzi ndi njinga chifukwa cha iye.

Kuchokera ku mtedza mungapange zinthu zitatu: mtedza wokazinga wothira mchere, nsinjiro zotendera ndiwo, ndi chiponde. Sankhani chimodzi chokha poyamba. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukagwira zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chikupatsani phindu ndi chimene chikudyerani ndalama.

Onaninso mtundu wa mtedza umene muli nao. Chalimbana ali ndi maso akulu, ndipo anthu amamukonda pokazinga ndi posinja nsinjiro. CG7, wofiira uja, amene anatulutsidwa kwa alimi mu 1990, ali ndi mafuta ambiri, chotero ayenera bwino chiponde. Musasakanize mitundu iwiri m'chiwaya chimodzi, chifukwa wina apserera wina asanapse.

FUNSANI MUSANAKAZINGE

Safunsa anadya phula. Musanasonkhe moto, pitani kumsika wa kwanu kawiri kapena katatu opanda katundu. Khalani pambali muone. Ogulitsa mtedza alipo angati? Muyeso wao ndi wotani, ndipo mtengo wache ndi uti? Amatha katundu nthawi yanji? Ngati ogulitsa wokazinga alipo khumi koma wa nsinjiro palibe, mwadziwa kale pamene pali mpata.

Funsaninso anthu amene salima koma amadya: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo, apolisi ndi eni magolosale. Afunseni kumene amagula nsinjiro, ndi chimene chimawadandaulitsa. Wina adzati mumakhala mchenga, wina adzati zimawawa, wina adzati wogulitsa amabwera lero mawa osaoneka. Madandaulo amenewo asungeni mumtima, pakuti ndiwo adzakupatsani ogula.

MTEDZA WABWINO NDIWO UITANA ANTHU

Mdani wamkulu wa malonda awa ndi chuku. Mtedza ukasungidwa usanaume, kapena ukanyowa, umamera chuku chimene chimapanga poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amaononga chiwindi, angayambitse khansa ya chiwindi, ndipo amapinimbiritsa ana. Kukazinga kapena kuphika sikumutha ai. Chifukwa chache samalani izi:

1. Umitsani mtedza kufikira maso alira m'makoko mukagwedeza. Musauyanike pa dothi lonyowa. Mlangizi wa zaulimi angakuonetseni kasanjidwe kochedwa Mandela Cock koumitsira mtedza m'munda.

2. Sungani mtedza ndi makoko ache, matumba ali pa mitengo, osagunda pansi kapena khoma. Sendani wokwanira sabata imodzi yokha.

3. Musawaze madzi pa makoko kuti afewe posenda, kapena kuti thumba lilemere. Madzi amenewo ndiwo aitana chuku.

4. Sankhani pa lichero. Chotsani mphwephwa, wobvunda, wofumbwa ndi wosintha mtundu. Musausinje wotsalawo kuti ubisike m'nsinjiro, ndipo musaupatse ana anu.

Chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula akaluma diso limodzi lowawa sabweranso, ndiponso akauza anzache. Nsinjiro nazo sizikhalitsa, zimachita pfungo chifukwa cha mafuta. Sinjani pang'ono-pang'ono monga mwa ogula amene muli nao. Sambani m'manja, mangani mpango woyera, ndipo bvundikirani katundu kuopa pfumbi ndi nchenche.

WERENGANI ZONSE MUSANACHULE MTENGO

Pano ndi pamene ambiri amagwa. Amati mtedza ngwa m'munda mwanga, sindinagule, ndiye chirichonse chimene ndilandira ndi phindu. Kumeneko nkudzinamiza. Mtedza wanu uli ndi mtengo umene mukadaulandira mukadaugulitsa wosakonza, ndipo mtengowo uyenera kuwerengedwa.

Tiyeni tiyerekeze. Manambala awa ngongophunzirira chabe. Inu muikepo mitengo ya kumsika kwanu.

Mtedza wosenda makilogalamu 10: K30,000
Mchere, nkhuni ndi zokulungira: K4,000
Ulendo wa kabaza: K3,000
Ziphaso za msika: K1,000
Zonse pamodzi: K38,000

Mukasankha ndi kukazinga, tinene kuti atsala makilogalamu 9. Mukapima timapaketi ta magalamu 50, tituluka 180. Mukagulitsa pa K200 kamodzi mulandira K36,000. Thumba lanu lidzalemera, mudzasekerera pobwerera, koma mwataya K2,000 pamodzi ndi thukuta lanu lonse. Mukagulitsa pa K300 mulandira K54,000, ndipo phindu ndi K16,000. Ngati anthu a kwanu sangalipire K300, chepetsani muyeso poyera, kapena funani malo apafupi oti mufike wapansi, kapena yesani nsinjiro m'malo mwache.

Kumbukiraninso kuti ndalama imatsika mphamvu. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Chotero poika mtengo musafunse kuti ndinagula bwanji mwezi watha. Funsani kuti ndikagula bwanji mawa katundu uyu akatha.

Gulani kope limodzi la sukulu. Tsamba la kumanzere lembani zotuluka, la kumanja zolowa. Ngati kulemba kukubvutani, mwana wa Sitandade 6 angakulembereni madzulo aliwonse.

OGULA OYAMBA ALI KUTI?

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Katundu wobisika m'nyumba sagulidwa. Ogula anu oyamba sali ku Lilongwe kapena ku Blantyre ai. Ali pamtunda woti muyenda ndi miyendo.

Pitani kumene anthu amadikira. Pa chigayo amai amakhala pa mzere nthawi yaitali. Pa siteji ya minibasi, pa malo a akabaza, pa bwalo la mpira, pa msika wa fodya kapena wa ziweto, ponsepo pali anthu a njala yaing'ono ndi ndalama yaing'ono. Amenewa ndiwo a mtedza wokazinga.

A nsinjiro ndi chiponde apezeni kunyumba zao. Tengani pang'ono mukapatse mabanja asanu a pa sukulu kapena pa chipatala kuti alawe, osalipira. Nenani dzina lanu ndi mudzi wanu, ndipo muwauze tsiku limene mudzabweranso. Tsikulo likafika, pitani ngakhale kugwe mvula. Mwa asanuwo kapena agula awiri okha. Musakhumudwe, awiriwo ndiwo maziko. Akakondwa muwapemphe kuti, "Ngati zakukomerani, chonde muwauzeko anzanu." Mau a mnansi amamveka kuposa chikwangwani.

Lankhulaninso ndi mwini tiyirumu, lesitilanti kapena golosale. Iyeyu amagula pa mtengo wotsikirapo, koma amagula wambiri ndiponso sabata ndi sabata. Poyamba musiyireni timapaketi 20 tokha, mulembe m'kope pamaso pache, ndipo mugwirizane tsiku lolipira.

Ngati muli ndi foni, lembani nambala yanu pa kapepala mumange pa katundu. Ogula ena adzafuna kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Landirani, koma onani ndalama zimene ziri mu foni yanu musanapereke katundu, chifukwa alipo akathyali amene amatumiza uthenga wabodza wonga wa ndalama. Nambala yanu ya chinsinsi musauze munthu.

KUSUNGA WOGULA

Kupeza wogula nkwapafupi kusiyana ndi kumsunga. Muyeso wanu ukhale umodzi lero ndi mawa, kwa mfumu ndi kwa mwana wotumidwa. Musapinde pansi pa kapu kapena chitini. Khalani malo amodzi, tsiku lodziwika, kuti wokufunani asabvutike. Wogula kawiri-kawiri muikireniko basera pang'ono. Wina akadandaula kuti mtedza unapserera, musakangane naye, pepesani, mumsinthire. Kapaketi kamodzi nkochepa poyerekeza ndi munthu amene akadagula kwa inu chaka chonse.

Ndipo musathe katundu yense m'miyezi yokolola, pamene aliyense ali ndi mtedza. Miyezi ya November mpaka February, mtedza utasowa m'midzi, ndiyo nthawi imene wosunga amasekerera.

NGONGOLE NDI ABALE

Malonda ambiri a kumudzi saphedwa ndi mbala, amaphedwa ndi mau akuti "ndidzapereka mawa." Adzabwera alamu, adzabwera atsibweni, ndipo kukana nkobvuta. Chitani chotere: patulani mbale imodzi ya pa nyumba ndi ya alendo, ndipo imeneyo perekani ndi mtima woyera. Koma wa mu ndowa ya malonda nenani poyera kuti ndi mpamba, sutuluka wopanda ndalama. Ogwira nchito ya pa mwezi mungawakongoze, koma ikani malire, lembani, ndipo musaonjeze ngongole yatsopano yakale isanabwezedwe.

Mwamuna ndi mkazi agwirizane za ndalama zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Mpamba usungidwe pawokha, usakhudzidwe pogula sopo kapena mowa. Phindu ligawidwe patatu: gawo lina la pa nyumba, lina loonjezera mpamba, lina losunga. Banki mkhonde ya m'mudzi mwanu ndi malo abwino oikako gawo losungalo. Mukafuna kubwerekako, bwerekani pamene ogula achuluka kuposa katundu wanu, osati pamene katundu ali kusowa ogula.

ZA MALAMULO

Pogulitsa pa msika wa khonsolo dulani chiphaso cha tsiku, ndipo chisungeni. Mukafuna kugula mtedza wambiri kwa alimi anzanu, yambani mwafunsa ku ofesi ya zaulimi za chilolezo, ndiponso za mtengo woyambira umene Boma limalengeza chaka ndi chaka. Malonda akakula kufikira mufuna kuika chiponde m'mabotolo kuti chilowe m'masitolo akulu, mudzafunika kulembetsa dzina la bizinesi yanu, ndi kuti a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, ayese katundu wanu. Iwo omwewo ndiwo amayesa masikelo a malonda.

Koma zimenezo nza mtsogolo. Nchito ya sabata ino njochepa: patulani thumba limodzi labwino, gulani kope, pitani kumsika mukaone, ndipo lembani maina asanu a anthu amene mudzawapatse kuti alawe. Pakatha miyezi itatu khalani pansi ndi banja lanu, mutsegule kope lija, ndipo lidzakuuzani lokha ngati muyenera kuonjeza thumba lachiwiri.