Kugogoda Pansi pa Bwato: Mmene Sayansi Inapezera Munthu Wotayika Panyanja

Ndimakonda mabuku a nkhani zopeka za anthu opulumutsa anzawo panyanja, aja oyamba ndi wailesi kulira pakati pa usiku, bwato lasowa, ndipo palibe akudziwa chimene chachitika. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti olemba ambiri amamasula chinsinsicho ndi mwayi. Kaputeni amangomva mumtima kuti akhotere kumanzere, basi, munthu uja wapezeka. Zenizeni sizikhala choncho. Opulumutsa anthu panyanja amagwira ntchito ngati apolisi ofufuza milandu, kungoti mboni zawo ndi mafunde a wailesi, mphepo, kutentha kwa thupi ndi phokoso. Lero ndikufuna tizifunse mboni zimenezi imodziimodzi, pogwiritsa ntchito nkhani imene inachitikadi mu Januwale 1997.

Bwato latembenuzika, mwiniwake sakuoneka

Pali mpikisano wotchedwa Vendée Globe, umene munthu amazungulira dziko lonse yekhayekha pa bwato la matanga, osaima pena paliponse. Umayambira ku Les Sables-d'Olonne, m'dziko la France. Mmodzi mwa amene ananyamuka mu Novembala 1996 anali Tony Bullimore wa ku Britain, bambo wa zaka 57, pa bwato la mamita pafupifupi 18 lotchedwa Exide Challenger.

Pa 5 Januwale 1997, ali m'nyanja yozizira ya kum'mwera kwenikweni kwa dziko, namondwe anathyola keel ya bwato lake. Keel ndi chipsepse cholemera chimene chimalendewera pansi pa bwato. Ntchito yake ndi kukokera kulemera kwa bwato pansi, kuti mphepo ikalipendeketsa lidzukenso lokha. Ikachoka, mlongoti ndi matanga zimalemera kuposa pansi, ndiye bwato limatembenuzika n'kukhala choncho. Izi zinachitika pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,500 kuchokera ku Australia, kuposa kanayi kutalika kwa Nyanja ya Malawi.

Namondwe yemweyo anatembenuzanso bwato la Mfalansa wina, Thierry Dubois. Ndege ya asilikali a ku Australia ya mtundu wa Orion inam'peza Dubois ali pamwamba pa bwato lake n'kumuponyera kabwato kopopa. Koma pa bwato la Bullimore panalibe munthu. Funso linali lakuti: wamira, kapena ali m'kati?

Mboni yoyamba: wailesi ndi satelayiti

Tisanafike ku funso limenelo, pali lina. Ndege ija inadziwa bwanji kolowera m'nyanja yaikulu chonchi? Mabwato a mumpikisanowu ankanyamula tizipangizo ta Argos, timene timatumiza mafunde a wailesi ku masatelayiti. Satelayiti sinkaona bwatolo ngati kamera. Inkangomvetsera, ndipo malo ankapezeka pogwiritsa ntchito chimene a fizikisi amachitcha Doppler effect.

Chimenechi mumachidziwa kale, mwina dzina lokha ndiye lachilendo. Ambulansi ikamabwera, kulira kwake kumamveka kosongoka. Ikangokudutsani, kumatsika n'kukhala kwa besi. Woyendetsa sanasinthe chilichonse ayi. Galimoto ikamayandikira, mafunde a phokoso amakufikani mothithikana, ndipo ikamapita amakufikani motalikirana.

Mafunde a wailesi amachitanso chimodzimodzi. Satelayiti zimenezi zimauluka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 850 kuchokera pansi, pa liwiro loposa makilomita 7 pa sekondi, ndipo zimazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 100. Ikamayandikira kachipangizo kaja, imamva frequency yokwera. Ikadutsa, imamva yotsika. Nthawi imene frequency ikusintha kuchoka pokwera kupita potsika ndi pamene satelayiti ili pafupi kwambiri ndi bwato. Ikasintha mwadzidzidzi, ndiye kuti yadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Ikasintha pang'onopang'ono, bwato lili kutali cham'mbali. Popeza njira ya satelayiti imadziwika bwino, kompyuta imawerengera malo. Vuto lake n'lakuti masamuwo amapereka malo awiri, ena kumanja kwa njirayo, ena kumanzere, ndipo nthawi zambiri kudutsa kwachiwiri ndi kumene kumathetsa mkangano.

Masiku ano zombo zimanyamula kachipangizo kotchedwa EPIRB, kamene kamatumiza uthenga pa 406 MHz ku masatelayiti a Cospas-Sarsat. Dongosolo limeneli analiyambitsa ndi mayiko a Canada, France, United States ndi Soviet Union, ndipo linapulumutsa anthu koyamba mu 1982. Ma EPIRB ambiri atsopano ali ndi GPS, ndiye amanena okha pamene ali. Amapangidwanso kuti aziyandama, chifukwa madzi amchere amameza mafunde a wailesi. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Mboni yachiwiri: mphepo ndi kuyenda kwa madzi

Kudziwa pamene bwato linali si kudziwa pamene lili. Sitima ya nkhondo ya HMAS Adelaide inanyamuka kumadzulo kwa Australia, ndipo ulendowo unali wa masiku. Nthawi yonseyo bwato lotembenuzika lija silinaime. Madzi a m'nyanja amayenda ngati mtsinje waukulu, komanso mphepo imakankha mbali iliyonse imene yatulukira pamwamba. Kabwato kopopa kamathamanga ndi mphepo chifukwa n'kopepuka, pamene munthu amene wangotulutsa mutu amatsatira madzi. Zinthu ziwiri zogwera pamalo amodzi zimatha kupezeka kutali kwambiri mawa lake.

Tiyeni tiyerekeze ndi masamu a Fomu 2. Bwato likamatengeka pa liwiro la makilomita 2 pa ola, pakatha maola 72 lasuntha makilomita 144. Opulumutsa amawerengera zimenezi, koma sangalondole ndendende, ndiye amajambula bwalo kuzungulira malo amene akuganizira. Bwalo la radius ya makilomita 10 lili ndi malo okwana masikweya kilomita 314. Radius ikafika 20, malowo amakhala 1,256. Mwaona? Kukayikira kwangowirikiza kawiri, koma ntchito yawirikiza kanayi. Ichi n'chifukwa chake ola lililonse lochedwa limawawa, ndipo kachipangizo kamene kakupitiriza kulankhula ndi chuma: nthawi iliyonse kakamveka, bwalo lija limabwerera kukhala laling'ono.

Maso nawonso ali ndi malire, chifukwa dziko ndi lobulungira. Mtunda umene mungaone panyanja, m'makilomita, ndi pafupifupi 3.6 kuchulukitsa ndi square root ya kutalika kwa pamene pali maso anu, m'mamita. Woima pa sitima, mamita 16 pamwamba pa madzi, amaona makilomita pafupifupi 14. Ndege youluka pa mamita 300 imaona makilomita oposa 60. Komabe kuona kutali si kuona chilichonse. Mutu wa munthu m'madzi ndi waukulu ngati dzungu, ndipo umabisika kuseri kwa funde lililonse. Ndiye opulumutsa sayenda mwachisawawa. Njira ina imene amagwiritsa ntchito ndi kuyambira pakati n'kumakhota ngati sikweya imene ikukula: gawo limodzi, limodzi, awiri, awiri, atatu, atatu, mpaka malo onse atasesedwa.

Mboni yachitatu: mpweya ndi kuzizira

Tibwerere ku funso lija. Kodi munthu angakhale moyo pansi pa bwato lotembenuzika? Yesani izi kunyumba. Finyani pepala, mulikanikizire pansi pa kapu kuti lisagwe, muvundikire kapuyo, kenako muimize chowongoka m'beseni la madzi. Mukaitulutsa, pepala lija likhala louma. Mpweya umatenga malo, ndipo ngati ulibe potulukira, madzi sangalowe n'kudzaza. Bwato la Bullimore linali ngati kapu imeneyi. Madzi analowa ndithu zenera litasweka, koma pamwamba pake panatsala mpweya, mumdima wa ndiweyani.

M'malo otsekeka ngati amenewa, chimene chimayamba kuvuta kawirikawiri si kutha kwa okosijeni, koma kuchuluka kwa carbon dioxide amene munthu akutulutsa. Kukula kwa bwato kunam'thandiza, chifukwa mpweya unali wambiri. Mdani wamkulu anali kuzizira. Thupi lathu limafuna kukhala pa 37°C. Likatsika pansi pa 35°C, munthu amayamba kudwala chimene madokotala amati hypothermia: amanjenjemera, manja amakanika kugwira, maganizo amasokonekera, ndipo mapeto ake mtima umaima. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya wozizira mofanana. N'chifukwa chake m'mawa wa mu Juni mumatha kuima panja, koma kulowa mumtsinje ndi nkhani ina.

Madzi a kumeneko anali madigiri ochepa chabe pamwamba pa 0°C. Bullimore anali atavala suti yapadera yotsekera madzi, ndipo anadzikonzera pogona ndi ukonde pamwamba pa madzi. Chakudya chake chinali kachokoleti ndi timadzi tochepa. Anaduka nsonga ya chala chitapanidwa ndi chitseko, ndipo kuzizira kunamuwononga manja ndi mapazi. Koma ukonde uja ndi umene unasintha masamu onse. Akanakhala m'madzi, akanawerenga maola. Atadzichotsamo, anawerenga masiku.

Mboni yachinayi: phokoso

Opulumutsa sankatha kuona m'kati mwa bwato, ndipo monga tanena, wailesi siyenda bwino m'madzi amchere. Phokoso ndiye limasangalala m'madzi. Mumpweya limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, koma m'madzi a m'nyanja limayenda pafupifupi 1,500, ndipo limafika kutali lisanazilale. Tizidutswa ta madzi n'toyandikana kwambiri, ndiye timapatsirana kunjenjemera msanga. Ikani khutu pa desiki, mnzanu agogode pang'ono kumapeto kwake, mumva mmene zinthu zothithikana zimanyamulira phokoso.

Ndege za Orion zinapangidwa kuti zizisaka sitima za nkhondo zoyenda pansi pa madzi. Zimanyamula ma sonobuoy, timaikolofoni ta m'madzi timene amatiponya panyanja n'kumatumiza ku ndege zimene tikumva. Anatiponya pafupi ndi bwato lija, ndipo anamva ngati kugogoda. Umenewu sunali umboni wotheratu, chifukwa chingwe kapena chitsulo chomasuka chimathanso kugogoda mafunde akamagwedeza bwato. Koma zinali zokwanira kuti asataye mtima.

Pa 9 Januwale, helikopita yochokera pa Adelaide inanyamula Dubois. Kenako asilikali anapita ndi kabwato kakang'ono pa Exide Challenger n'kugogoda. Yankho linabwera kuchokera m'kati. Posakhalitsa Bullimore anamira, n'kusambira pansi pa bwato, n'kutulukira pamwamba, atakhala m'menemo pafupifupi masiku anayi. Anakhalanso ndi moyo mpaka 2018.

Mboni zikakhala chete

Kuti muone kufunika kwa zonsezi, taonani zimene zinachitika sabata yomweyo mumpikisano womwewo. Gerry Roufs wa ku Canada anali kum'mwera kwa nyanja ya Pacific pamene kachipangizo kake ka Argos kanasiya kulankhula. Anzake ena a mumpikisano, kuphatikizapo Isabelle Autissier, anam'saka mumkuntho koma sanam'peze. Popanda uthenga watsopano, bwalo lija linangokulirakulira. Zotsalira za bwato lake zinadzapezeka patapita nthawi yaitali kugombe la Chile, koma iyeyo sanaonekenso. Kulimba mtima kwa osaka kunali kofanana. Chimene chinasiyana ndi umboni.

Ku Australia anthu ena anadandaula kuti bwanji boma liwononge ndalama zambiri chifukwa cha alendo amene anadziika okha pangozi. Koma lamulo la panyanja silifunsa zimenezo. Pangano la SOLAS, limene linayamba mu 1914 sitima ya Titanic itamira mu 1912, limalamula kaputeni aliyense kuthandiza anthu amene ali pangozi. Pangano lina la mu 1979 linachititsa kuti nyanja zonse zigawidwe m'madera, dziko lililonse ndi dera lake losaka. Dera la Australia ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse lapansi.

Ndikusiyireni ntchito. Mlonda waima pa nsanja, maso ake ali mamita 25 pamwamba pa madzi. Akuona kutali bwanji? Nanga kabwato kopopa kakamatengeka pa makilomita 3 pa ola, kadzatuluka m'maso mwake pakatha maola angati ngati kanayambira pansi pa nsanjayo? Mukapeza yankho, muzindikira chifukwa chake opulumutsa amathamanga wailesi ikangolira, ngakhale tiyi ali pakamwa.