Ndalama yolankhula ya Aroma ndi mitanda yamkuwa ya ku Livingstone

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Livingstone Museum, imene inakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ndi yakale kuposa zonse zamtunduwu m'dziko la Zambia, imasunga zinthu zimene zinafukulidwa ku Ing'ombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi. Malowa anadziwika mu 1960 pamene antchito ankakumba maziko a thanki yamadzi, ndipo m'manda a anthu olemera munapezeka mikanda yagolide, nsambo zamkuwa ndi mitanda yamkuwa wosungunula, imene akatswiri amaiyesa ndalama za amalonda a nthawiyo. Mitandayi ilibe chilembo ngakhale chimodzi, ndipo kusalankhula kwake kumaonetsa bwino chimene anthu osonkhanitsa ndalama zasiliva za Aroma amachifuna pa kandalama kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

Ndalama yasiliva imene Aroma ankaitcha denarius inayamba kusulidwa cha m'ma 211 Khristu asanabadwe, pamene Roma anali pa nkhondo ndi Hannibal wa ku Carthage, ndipo dzinalo limachokera ku mawu a Chilatini otanthauza khumi, chifukwa poyamba inkasinthidwa ndi makobiri khumi amkuwa. Julius Caesar ndiye anayamba, mu 44 Khristu asanabadwe, kuika nkhope yake pa ndalama za mu mzinda wa Roma iye akali moyo, ndipo mafumu onse otsatira anachita chimodzimodzi, nazunguliza mayina ndi maudindo awo m'mphepete mwa ndalamayo. Popeza malo anali ochepa, osula ankadula mawu, kotero kuti kuwerenga denarius n'kuphunzira zidule: IMP ndi mtsogoleri wa asilikali wopambana nkhondo, AVG ndi dzina laulemu la Augustus, COS ndi udindo wa konsulo, amene anali mkulu wa boma, pamene P P amatanthauza tate wa dziko. Wongoyamba kumene amasokonezeka ndi chilembo V, chimene chimaimira U, ndiponso ndi mawu amene amalembedwa mothithikana popanda mpata pakati.

Chidule chofunika koposa ndi TR P, kutanthauza mphamvu za woimira anthu wamba zimene mfumu inkapatsidwanso chaka ndi chaka, chifukwa nambala yotsatira zilembozi imauza wowerenga chaka chimene ndalamayo inasulidwa. Si ndalama zonse zili ndi nambalayi. Ya Tiberius, amene analamulira kuyambira 14 mpaka 37 Khristu atabadwa ndipo ambiri amakhulupirira kuti ndi imene Yesu anaonetsedwa pa funso la msonkho, imangonena kuti iye ndi mwana wa mfumu Augustus woyesedwa mulungu, ndipo kuseri imamutcha mkulu wa ansembe. Chitsulo chenichenicho nachonso chimachitira umboni, pakuti mfumu Nero anachepetsa kulemera kwa denarius ndi siliva wake mu 64, ndipo pofika m'ma 260 ndalama imene inalowa m'malo mwake inali mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba.

Mitanda ya Ing'ombe Ilede ilibe mwayi wotere. Msinkhu wake umadziwika poyeza makala ndi zotsalira zina za m'nthaka imene inagonamo, ndipo zaka za mandawo zasinthidwa kangapo kuchokera pamene katswiri wofukula zakale Brian Fagan anafukula malowa kumayambiriro kwa m'ma 1960, kufikira kafukufuku wa 2017 amene anawaika pakati pa kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1600. Denarius yochotsedwa pamalo pake imataya mbali ina ya mbiri yake koma imatchulabe mwini wake, pamene mtanda wamkuwa wofukulidwa mwachinyengo umasanduka chitsulo wamba, ndipo apa lamulo la Zambia la 1989 loletsa kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo lili ndi nzeru.

Chodabwitsa n'chakuti denarius inafikabe ku Livingstone, ngakhale inadzera m'mabuku a masamu ndi m'masitolo. Chilembo d chimene chinkalembedwa pa mitengo ya katundu m'nthawi ya atsamunda, monga 3d ya tiki ndi 6d ya sikisi, chinali chidule cha denarius, ndipo chinagwira ntchito ku Zambia mpaka kwacha ndi ngwee zitayamba mu Januwale 1968, ndiponso ku Malawi mpaka 1971.