Helikopita ya rimoti imakonzedwa patebulo isanapite pabwalo

Munthu akagula helikopita yaing'ono youlutsa ndi rimoti, mtima umakhala uli pabwalo basi. Alumikiza batire, akankha kandodo ka mphamvu mpaka kumapeto, kandegeko kadumpha, kazungulira ngati nguli, kenako khu! pansi, mapiko n'kuthyoka. Mwiniwake amayamba kudandaula kuti am'gulitsa chinthu chakufa. Kawirikawiri chinthucho chimakhala chilibwinobwino. Chimene chasowa ndi kuchiyesa modekha chisananyamuke, komanso kudziwa mphamvu zimene zikulimbana mwa icho.

Helikopita iliyonse, yonyamula anthu kapena yoseweretsa, imabadwa ndi vuto limodzi. Mota ikamazunguza mapiko aakulu kupita kumanja, thupi la ndegeyo limafuna kuzungulira kupita kumanzere. Limeneli ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton lija timaphunzira kusekondale. Igor Sikorsky, pa ndege yake ya VS-300 ya mu 1939, anaika timapiko tina kumchira kuti tizikankha mchirawo cham'mbali, mphuno isatembenuke, ndipo mahelikopita ambiri akutsatabe njira imeneyi. Zoulutsa ndi rimoti zinabwera pambuyo pake. Dieter Schlüter wa ku Germany ndiye anatchuka poulutsa yomvera bwino, n'kuyamba kuigulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Posankha yoyamba, musatengeke ndi kukula. Zilipo za mapiko awiri osanjikizana ozungulira mosemphana, monga Syma S107, zimene zimadzikhazika zokha m'mwamba, koma n'zam'nyumba: kamphepo pang'ono kamazitenga, ndipo rimoti yake imasokonezeka padzuwa. Zilipo zina zimene zimakwera ndi kutsika posintha liwiro la mota basi. Ndiye pali zazikulu monga Align T-Rex 450, zimene mapiko ake amasintha kupendekeka ali mkati mozungulira, mpaka kutha kuuluka chagada. Ine ndinganene mosabisa kuti woyamba kumene asayambire pa mtundu womalizawu popanda womuphunzitsa. Kakang'ono kotchipa kamakhululuka, ndipo mapiko ake sadula.

Tsopano patebulo. Rimoti imayatsidwa poyamba n'kuzimitsidwa pomaliza, kandodo ka mphamvu kali pansi penipeni. Mukalumikiza batire, isiyeni ndegeyo pamalo osalala osaikhudza kwa masekondi angapo. Nthawi imeneyo kachipangizo kotchedwa gyro, kamene kamamva ndege ikatembenuka, kakuphunzira kuti kukhala chete n'kutani. Mukaigwedeza panthawiyi, gyro aphunzira zabodza, ndipo mchira uzingosendera ulendo wonse. Poyesa zina zonse, chotsani mapiko aakulu kapena zulani mawaya a mota.

Pansi pa mapiko aakulu pali kambale kotchedwa swashplate, kamene timamota totchedwa servo timakapendeketsa. Imani kumbuyo kwa mchira. Pa marimoti ambiri, mukakankha kandodo ka kumanja kutsogolo, kambaleko kapendekere kutsogolo; mukakankhira kumanja, nako kapendekere kumanja. Tindodo tikakhala pakati, kambale kakhale chilili, osapendekera kulikonse. Ngati kakuchita zosemphana, tembenuzani servo yolakwayo mu rimoti. Osadzinyenga kuti mudzazolowera muli m'mwamba, chifukwa dzanja silidikira mutu kuti uganize.

Pamene ambiri amagwera ndi pa gyro. Nyamulani ndegeyo, mupotoze mphuno yake kumanzere ndi dzanja. Servo ya kumchira iyenera kuyenda monga imayendera mukalamula ndege kutembenukira kumanja, kutanthauza kuti ikulimbana ndi dzanja lanulo. Ikayenda mothandiza dzanja lanu, gyro watembenuzidwa, ndipo ndegeyo ikangochoka pansi, kulakwa kulikonse kakang'ono azikuwonjezera m'malo mokuchotsa. Kuzungulira kosaleka kuja gwero lake ndi limeneli. Gyro akakhala wolunjika koma mchira ukunjenjemera uku ndi uku mofulumira, ndiye kuti mwamupatsa mphamvu yambiri, chepetsani pang'onopang'ono. Mchira ukamalobodoka, osagwira malo amodzi, onjezerani. Pa tindege ting'onoting'ono tokhala ndi kamota kakekake kumchira, kamotako ndi kamene kamatha msanga, ndiye kandege kakayamba kuzungulira patapita masabata kakuuluka bwino, yambani mwayang'ana kumeneko.

Pali chinthu china chimene chimaoneka ngati vuto chikhalirecho si vuto. Mahelikopita ambiri a rimoti amasendera kumanzere ponyamuka. Timapiko ta kumchira pokankha mchira timakankhanso ndege yonse, n'chifukwa chake yoima bwino m'mwamba imapendekera pang'ono kumanja. Komanso ikakhala pafupi kwambiri ndi nthaka, mphepo yake yomwe imagunda pansi n'kubwerera, ndege n'kumaterereka pamwamba pake. Musathamangire kusintha makonzedwe muli m'munsi momo. Ikwezeni ifike cha m'chiuno, mchira utaloza kwa inu, ndiye muone kumene ikukokera. Mangani timitengo tiwiri topingasa kumiyendo, tokhala ndi timipira topepuka kunsonga, kuti isagubuduzike potera. Ikamagwa, zimitsani mota isanakhudze pansi. Magiya ambiri amaguluka mano chifukwa mota inapitiriza kukoka mapiko atakodwa.

Kunjenjemera kwa ndege yonse kumachokera kawirikawiri ku shafiti yopindika kapena mapiko osiyana kulemera. Shafiti ichotseni muigubuduze pagalasi, ikadumphadumpha ndiye kuti yapindika, ndipo kuiwongola ndi nyundo n'kutaya nthawi. Kuti muone ngati mapiko akudutsa njira imodzi, matani katepi kofiira kunsonga ya phiko limodzi. Akamazungulira, mutaima patali, mukaona mizere iwiri m'malo mwa umodzi, talikitsani kapena fupikitsani kandodo kolumikiza phikolo mpaka mizereyo ikumane.

Kwathu kuno mpweya nawo uli ndi mbali yake. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene nyanja yamchere yalekezera, ndipo pamtunda wotere mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kutentha kwa mu Okutobala kumaupepukitsanso. Mapiko amapeza zochepa zoti akankhe, ndipo ndege imafuna mphamvu yochulukirapo kuti iime m'mwamba. Ulutsani m'mamawa, mphepo isanadzuke, pa kapinga osati pafumbi.

Za batire ndi nkhani ya moyo. Mabatire a LiPo selo iliyonse imadzaza pa mavolti 4.2 ndipo siyenera kutsika kupitirira 3.0, yosunga masiku ambiri ikhale cha pa 3.8. Tchajani ndi chaja yake yeniyeni, pasimenti, inu muli pomwepo, mchenga uli pafupi. Osatchajira pabedi, osaisiya m'galimoto padzuwa. Batire yotupa kapena yobooka imatha kuyaka moto waukali ndi utsi woipa m'mapapo, choncho isabwererenso m'ndege.

Luso limeneli si lachibwana. Gyro, batire ndi rimoti zomwezi ndi zimene zili m'madroni amene anayamba kuyesedwa ku Kasungu mu 2017, pamene boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy. Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira kumva chimene mchira wa kandege kake ukunena wayamba kale ulendo umenewo.

Koma mapiko muwaope. Pa helikopita yokula ngati T-Rex 450, nsonga za mapiko zimathamanga kupitirira makilomita 300 pa ola, liwiro lokwanira kung'amba mnofu mpaka pafupa kapena kuphulitsa diso. Valani magalasi otchinjiriza maso, ulutsani kutali ndi misewu, mawaya a magetsi ndi mabwalo a ndege monga la ku Chileka, ndipo musaigwire mapiko asanaime. Wina akatemeka, finyani pabalapo ndi nsalu yoyera, mupite naye kuchipatala msanga. Ana adzabwera ndithu akangomva kulira kwa mota. Aimikeni kumbuyo kwanu musanalumikize batire.