Kababu kochepa ngati nyemba komwe kamasokoneza filimu yonse

Ambiri a inu mumaonera kanema pa foni, ndipo mawu akayamba kudukaduka mumadziwa kuti ndi netiweki kapena bando yatha. Komatu kudakali nyumba zina za kanema, makamaka ku Ulaya ndi ku America, zomwe zimaonetsabe mafilimu a 35mm, aja okulungidwa pa mawilo akuluakulu. Ine ndimayang'anira makina otere m'kanyumba kena ka kanema ku Britain, ndipo pa mavuto onse omwe ndimakumana nawo, lopusitsa kwambiri ndi la kababu kofiira ka LED komwe kali m'chipangizo chowerengera mawu.

Tiyambe ndi momwe mawuwo amasungidwira. Dolby Digital inayamba kumveka m'nyumba za kanema mu 1992 ndi filimu ya Batman Returns. Mawu ake amadindidwa pa filimu pomwepo, pakati pa timabowo ta m'mphepete tomwe mano a pulojekita amakokera filimuyo. Pakati pa mabowo awiri aliwonse pali kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera, kokhala ngati QR code ija mumajambula ndi foni. Filimu imathamanga zithunzi 24 pa sekondi, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi mabowo 4 m'mbali mwake, ndiye kuti makina amawerenga timabokosi 96 pa sekondi imodzi yokha.

Kuti awerenge, kababu ka LED kamawalitsa filimu, kuwalako nkudutsa mpaka pa kakamera ka CCD. Kenako purosesa, monga DA20 kapena CP650, imasandutsa timadontho tija kukhala mawu a njira 6: masipika atatu kuseri kwa chinsalu, njira ziwiri za m'mbali ndi kumbuyo, ndi imodzi ya mabesi aja ogwedeza chifuwa.

Tsono kababu aka sikafa mwadzidzidzi ngati babu la kunyumba. Kamazilala pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Ukakaona ndi maso kamaoneka kofiira bwinobwino, chifukwa diso la munthu limazolowera. Kamera ndi yomwe imavutika.

Chizindikiro chimaonekera pa purosesa. Pamakhala nambala yoyambira 0 mpaka 7 yosonyeza kuchuluka kwa zolakwika powerenga. Nambala yotsika ndiye zinthu zili bwino. Ikafika 6 kapena 7 ndiye kuti makina akulimbana, ndipo pakatuluka chilembo F alephera, basi amalumphira ku mawu a analogi omwe alinso pa filimu yomweyo. M'holo anthu amangomva mawu afota, kenaka abwerera, kenaka afotanso. Munthu walipira tikiti yake kuti amve filimu momwe inapangidwira, abale, ndiye azimva ngati wailesi yatha mabatire?

Ine ndimayamba ndi funso limodzi: vuto lili pa filimu kapena pa makina? Pakati pa timabowo paja ndi pomwe pamakandika msanga filimu ikayenda kwambiri. Ndiye ndimaika filimu yoyesera yomwe ndikudziwa kuti ndi yabwino. Nambala ikatsika, wolakwa ndi filimu ija. Ikakhalabe pamwamba, ndimatembenukira kwa chowerengera.

Chachiwiri ndi kupukuta. Fumbi ndi tinyenyeswa ta filimu zimaunjikana pa kababu ndi pa lenzi, ndipo zimachepetsa kuwala chimodzimodzi ngati kababu kakalamba. Kathonje koyera ndi mankhwala opukutira lenzi zimathetsa milandu yambiri popanda kugula kanthu.

Zikakanikabe ndimalumikiza makina otchedwa oscilloscope, omwe amajambula mphamvu ya chithunzi chomwe kamera ikuona. Chimafunika kufika pafupifupi mavoti 4, ndipo pamwamba pake pazikhala pofanana. Chikakhala chotsika ponseponse, kuwala kwachepa. Chikapendekeka mbali imodzi, kababu kasuntha pamalo pake, ndipo mankhwala ake ndi kukawongola basi, osati kugula kena.

Tsiku lina abwana anga anatopa ndi madandaulo a makasitomala mpaka ankafuna kuitanitsa purosesa ina. Ndinawapempha kuti: "Bwana, mundipatse ola limodzi tiyeze kaye." Titayeza, kuwala kunali kutatsika pafupifupi theka. Purosesa inalibe mlandu uliwonse.

Apa ndi pomwe pali msampha. Pamakhala kokhonyolera kowonjezera magetsi opita ku kababu. Ukakweza, chithunzi chimakwera, nambala imatsika, aliyense nkusangalala. Koma magetsi ambiri amatenthetsa LED, ndipo kutenthako kumaikalambitsa msanga. Kukweza kumakupulumutsa usiku umenewo anthu atadzaza holo, koma ukaona kokhonyolerako katsala pang'ono kufika kumapeto, itanitsa kababu katsopano lero lomwe. Ukakaika, tsitsa magetsi aja usanayatse, kuopa kupsereza katsopanoko, kenaka uwongole malo ake ndi kukonza lenzi pogwiritsa ntchito filimu yoyesera.

Kuitanitsako nakonso si masewera masiku ano. Kuchokera pomwe nyumba zambiri za kanema zinasamukira ku mapulojekita a digito cha m'ma 2010, zipangizo za 35mm zikusowa, ndipo zambiri timazichotsa ku makina akale omwe anasiya ntchito. Nchifukwa chake pomwe nkotheka ndimaonetsetsa kuti kababu kaziyaka pokhapokha filimu ikuyenda, osati tsiku lonse.

Ndimasunganso kabuku pambali pa pulojekita. Mwezi uliwonse ndimalembamo tsiku, mavoti omwe ndapeza, ndi nambala yomwe filimu yoyesera ikupereka. Manambalawo akayamba kutsetsereka ndimadziwiratu kudakali miyezi, ndipo kababu kamasinthidwa Lolemba m'mawa holo ili pululu, osati Loweruka usiku anthu atakhala kale pa mipando.